Chitsamba Chofiira Chimene Amayi Anazula

Chifundo ndi Yamikani, ana anga. Kuyambira pamene ndinapuma pa ntchito mwakhala mukundinyengerera kuti ndisamukire kwanu ku Blantyre, ndipo nthawi zonse ndimakuyankhani kuti ndinazolowera mphepo ya kuphiri. Limenelo si bodza, koma si yankho lonse. Chimene chikundisunga kuno ku Limbuli, kumene tilibe mbale ngakhale mmodzi, chinayamba pamene ndinasiya ntchito ya mu ofesi n'kukaphunzira uphunzitsi. Pa foni sindingathe kufotokoza, chifukwa inu mumakhala mukufulumira ndipo mayunitsi amatha. Ndiye ndalemba.

Nditangomaliza Folomu 4

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa esiteti ya tiyi pomwe ndinabadwira. Muyambe mwamvetsa chinthu chimodzi: ife tinalibe mudzi. Agogo anga a mbali zonse ziwiri anachokera ku Mozambique akuyenda wapansi ali achinyamata, n'kudzalowa ntchito pa esiteti. Bambo anga a Lusiyano ndi amayi anga anabadwira m'malayini, m'nyumba za kampani zondandalikana zija, anakulira momwemo, n'kukwatirana momwemo. Kusukulu yogonera konko anzanga akamati pa holide akupita kumudzi, ine kwathu kunali nambala yolembedwa pa chitseko.

Bambo ankasonkhezera moto wa ng'anjo zoumitsira tiyi mu fakitale. Anamwalira ndili Folomu 3, ndipo anaikidwa m'manda a pa esiteti, kuseri kwa mabulugamu. Amayi anapitiriza kuthyola tiyi, dengu kumsana, kuti ine ndimalize sukulu, ngakhale kuti msanawo unali utayamba kale kuwavuta.

Kusekondale aphunzitsi athu a Chingerezi anatizoloweza kulemba m'kope zimene zatichitikira tsiku lililonse. Anzanga ambiri analeka itangotha teremu, koma ine ndinapitiriza. Pa tsamba loyamba ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndidzakhala mphunzitsi, n'kujambulapo maluwa m'mbali. Zotsatira za mayeso zitatuluka, a Namakhwa, kapitawo wa gulu limene amayi ankathyolamo, anabwera kunyumba Lamulungu lina kudzanena kuti ku ofesi akufuna mtsikana wodziwa Chingerezi woti aphunzire kutayipa.

"Make Feliya," anatero a Namakhwa, "mwanayu akalowa mmenemo, dengu lija mwalitula. Nyumba ya makalaliki ili ndi simenti pansi, mpopi uli pakhomo pomwepo."

Amayi sanandikakamize. Anangondiyang'ana, dzanja lili pamsana. Tsiku limenelo ndinalemba m'kope muja kuti ndi kwa kanthawi chabe, uphunzitsi sukuthawa. Ndinali ndi mtima wotero nthawi imeneyo, wokhulupirira kuti chilichonse chimadikira munthu.

Zaka za mu ofesi

Mkulu wa makalaliki anali bambo Chimenya, munthu waukhondo, wa nsapato zonyezimira ngakhale nthawi ya matope. Sanali wankhanza, koma sankakonda kuti munthu wapansi pawo aganize. Mlungu wanga woyamba ndinakonza chiganizo china m'kalata imene anandipatsa, chifukwa chinali chokhota. Anaibweza pa desiki yanga atazunguliza ndi cholembera chofiira.

"Mayi Feliya, kodi ndinakupemphani kuti mundiphunzitse Chingerezi?"

"Ayi bwana, ndimaona ngati chikumveka bwino chonchi."

"Pano munabwera ndi zala. Mutu muzisiya kunyumba, simudzautaya."

Anzanga a mu ofesi anaseka, nanenso ndinaseka, ndipo ndinachitadi zimenezo kwa zaka zambiri. Ntchito inalibe vuto. Panali nyengo imene maliboni a makina otayipira anasowa, ndiye tinkadontheza inki pa liboni yakale n'kuiyanika pawindo, zala n'kumakhala zakuda mlungu wonse. Panali nyengo ina imene mapepala tinkalemba mbali zonse. Koma malipiro sankachedwa, chipatala cha kampani chinalipo, ndipo amayi anatuladi dengu n'kudzakhala nane m'nyumba ya makalaliki. Anabzala nandolo ndi chinangwa kuseri, ndipo ankanyadira mpopi uja ngati anaukumba okha. Inu munabadwira m'nyumba imeneyo. Za mmene banja langa ndi bambo anu linathera Yamikani ali kumsana ndinakuuzani kale, sindibwerezanso. Amene anakulerani ine ndili ku ofesi ndi agogo anu.

Desiki yanga inali moyang'ana windo. Kunja kunali minda ya tiyi yobiriwira mpaka m'tsinde mwa phiri, ndi anthu akuwerama m'mizere. Ndinkatayipa makalata a feteleza, a matayala a mathirakitala, a nkhuni za fakitale. Pofika madzulo sindinkakumbukira ngakhale liwu limodzi la zimene ndalemba. Kope lija ndinalisiya, chifukwa munalibe cholembamo. Lolemba linkafanana ndi Lachisanu.

Chimene chinandidzutsa ndi sukulu ya kwacha. Kutchalitchi anapempha munthu woti Loweruka masana aziphunzitsa amayi othyola tiyi kuwerenga, ndipo ine ndinavomera chifukwa panalibe wina. Tinkakhala pakhonde la tchalitchi, bolodi lathu linali chitseko chakale chopaka makala. Azimayi aja ankandivuta kwambiri. "Aphunzitsi, chilembo ichi chili ndi mimba, bambo wake ndani?" wina ankatero akaona b, onse n'kugwa nacho chiseko. Koma ndikamabwerera kunyumba ndinkapezeka ndikuimba. Amayi poyamba anakana kubwera, amati mutu wawo unauma ngati makaka. Kenaka anayamba kumabwera ati kudzakutengani inu, poti ndinkapita nanu, n'kumakhala kumbuyo, akusenda chinachake, maso ali pa bolodi.

Pa esiteti panali tsiku limodzi pa chaka, mvula isanayambe, limene mabanja onse ankaloledwa kupita kukalambula kumanda. Tinkanyamula makasu ndi matsache. Pambali pa manda a bambo, amayi anali atabzalapo chitsamba cha masamba ofiira, chija anthu amabzala m'malire. Umo ndi mmene anthu a m'malayini ankasungira malo. Mwamuna kapena mkazi akatsogola, wotsalayo ankabzala chitsamba pambali, ndipo adzukulu akachiona sankakumbapo munthu wina. Amayi ankapachita nthabwala. Akamasesa pamenepo ankati, "Pepani, ndikukonza kuchipinda kwanga. Bambo ako aja sadziwa kusesa."

Chaka chimenecho atamaliza kusesa anaima kutsogolo kwa mtanda wachitsulo wa bambo. Ndinaona milomo yawo ikugwedezeka. Anaika chala pa chilembo choyamba.

"Lu," anatero. "Si. Ya." Anasuntha chala. "No. Lusiyano."

Anatembenuka n'kundiyang'ana ngati munthu amene wagwira mbava.

"Ndi iyeyudi! Feliya, ndi iyeyu! Zaka zonsezi ndimangokhulupirira amisiri amene anapanga mtandawu."

Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe, ndipo azimayi ena anabwera kudzaona chimene chachitika. Ine ndinaima ndi khasu m'manja, ndikudziwa kuti ku makina aja sindingathenso kukhalako moyo wanga wonse.

Chaka chimene ndinachoka

Pa wailesi analengeza kuti akufuna anthu okaphunzira uphunzitsi wa ku pulayimale. Ndinalembera mwakachetechete, ndinakayesedwa, ndipo dzina langa linatuluka. Apa ndiye panali povuta. Nyumba inali ya ntchito. Kusiya ntchito kunali kutulutsa mayi wokalamba ndi ana awiri m'nyumba ya simenti, popanda mudzi wopitako. Ndinayenda nayo nkhaniyi mumtima milungu ingapo, chakudya osachimva kukoma.

Woyamba kumuuza anali bambo Chimenya. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mukusiya nyumba, madzi, chipatala, kuti mukadye choko?"

"Ndimakonda kuphunzitsa, bwana."

"Kukonda. Inenso ndimakonda kuimba, kodi mwandiona ndikusiya ntchito? Amayi anu mwawafunsa?"

"Ndiwafunsa lero."

"Muwafunse bwinobwino," anatero, n'kuvalanso magalasi aja. Ine ndinangoti akunena za nyumba.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusola nandolo. Ndinafotokoza zonse mofulumira ngati mwana amene waswa mbale. Ndinati tingapeze nyumba ya lendi, ndinati maphunziro satenga nthawi, ndinati ndikadzayamba ntchito boma limapereka nyumba za aphunzitsi. Iwo anangopitiriza kusola. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Kumeneko uzikaseka?"

"Bwanji amayi?"

"Ku ofesi kwakoko umabwerako nkhope ili ngati wadya kalongonda wosapsa. Loweruka lokha ndi pamene ndimaona mano ako. Ndiye ndikufunsa, kumeneko uzikaseka?"

"Ndikuganiza choncho."

"Undipatse masiku, ndiganize."

Anatenga masiku angapo. Tsiku lina madzulo anatuluka atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ati akukaona a Namakhwa amene ankadwala mwendo. Atabwerako anakhala kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, osachita kanthu, zimene sizinali khalidwe lawo. M'mawa mwake ndikuvala nsapato anati, "Pita ukawauze a Chimenya ako. Anawa ndiwasunga. Ine ndinatsatira tiyi moyo wanga wonse, iwe usatsatire mpopi."

Ndinawakumbatira, iwo n'kundikankha. "Choka apa, undithyola msana wotsalawu."

Mayi wina wa kutchalitchi anali ndi mchemwali wake ku Limbuli amene ankachititsa lendi nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi msika. Amayi anati kumeneko n'kwabwino, azikagulitsa zitumbuwa ndi kalongonda masiku a msika. Tsiku losamuka tinapeza lole yaing'ono. Titakweza mabedi, mitondo ndi nkhuku, amayi anatuluka kuseri atanyamula chitini chakale cha mafuta ophikira. Munali chitsamba cha masamba ofiira, dothi lake likadali lonyowa.

"Amayi, ku Limbuli kulibe maluwa?" ndinawaseka. "Tikusiya chinangwa chonsechi, inu n'kunyamula masamba osadyedwa?"

"Awa ndi anga," anatero. Anakwera kutsogolo n'kuika chitinicho pamiyendo, ndipo sanalole kuti wina achigwire mpaka tinafika.

Zitsamba zotero zinali paliponse pa esiteti, m'malire a nyumba, m'mbali mwa msewu. Sindinaganize kawiri. Mutu wanga unali kale ku koleji.

Zaka za choko

Ku koleji ndinali wamkulu kuposa onse m'kalasi mwathu. Atsikana ankanditchula kuti anti, ndipo akasowa singano kapena akakangana ndi chibwenzi ankabwera kwa ine. Masamu anandivuta poyamba, chifukwa mutu uja ndinali nditausiyadi kunyumba nthawi yaitali. Koma ndinagula kope latsopano n'kuyambiranso kulemba, ndipo masamba ankadzaza.

Sukulu yanga yoyamba inali kufupi ndi malire a Mozambique, kuseri kwa mtsinje umene nthawi ya mvula tinkawoloka nsapato zili m'manja. Nyumba ya aphunzitsi imene ndinalonjeza amayi ija kunalibe. Ndinkagona m'kachipinda ka kwa mkulu wina wa mpingo, koti simukanakwanamo, ndiye inu munatsala ku Limbuli ndi agogo anu. Anandipatsa Sitandade 1, pansi pa mtengo wa mango. Ana anali ochuluka moti ena sindinkawaona nkhope mpaka teremu itafika pakati. Ena ankangolankhula Chilomwe, ena ankabwera kuchokera kutsidya ndi timawu ta Chipwitikizi, ndipo Chilomwe cha amayi chimene ndinkachita nacho manyazi kusekondale ndi chimene chinandipulumutsa. Choko chikatha tinkalemba pansi ndi timitengo. Mabuku analipo ochepa, ahedi ankawatsekera m'kabati kuopa chiswe ndi ana omwe.

Ahedi amenewo, bambo Likoswe, anali munthu wosalira zambiri. Atandiona tsiku lina ndikulira chifukwa mvula inabalalitsa kalasi yanga pakati pa phunziro, anati, "Mayi, mvula si yoyendera sukulu, siilemba lipoti. Mawa abweranso." Anabweradi.

Ndisakunamizeni kuti ndinavutika n'kumalakalaka ofesi. Ayi. Malipiro ankachedwa, nsapato zinkatha, mawu ankasasa, koma ndinkadzuka m'mawa ndikufuna kupita kuntchito. Pali kanthawi kena kamene mwana amene wakhala akungobwereza mawu a ena amaima mwadzidzidzi, n'kuyang'ana zilembo, n'kuwerenga yekha. Nkhope yake imachita chimodzimodzi ngati ya amayi pa mtanda paja. Ndinaiona nkhope imeneyo chaka chilichonse mpaka kupuma, ndipo sinanditopetsepo. Amayi anafunsa ngati ndizikaseka. Ndinasekadi.

Kumapeto kwa mwezi ndinkakwera kabaza kubwera ku Limbuli. Ndinkapeza inu mwanenepa, amayi ali pa msika ndi beseni lawo akukangana ndi ogula chimanga. Chitsamba chija chinali pakhonde, chikadali m'chitini. Chitini chikachita dzimbiri ankachisamutsira m'china.

"Bwanji osangochibzala pansi, amayi? Chikuvutika mmenemo."

"Dothi la pano ndi la eni nyumba. Tikadzasamuka ndidzayambane nawo chifukwa cha masamba?"

Nyengo yolambula kumanda itakwana chaka choyamba, ndinawauza kuti ndiwapezera ndalama ya minibasi kuti akasese kwa bambo. Anati miyendo ikuwawa. Chaka chachiwiri anati kuli msika waukulu. Chaka chachitatu sindinafunsenso. Nthabwala ya kuchipinda ija sanaichitenso, ndipo ine sindinazindikire kuti yasowa.

Chaka chimene amayi anatisiya

Inali nyengo ya chiperoni, mvula yowaza ija yosatha, phiri osaoneka. Ndinali m'kalasi pamene wa kabaza wina anafika ndi uthenga woti amayi agonekedwa kuchipatala ndi chibayo. Ndinawapeza akupuma movutika koma akudziwa anthu. Anandigwira dzanja n'kufunsa ngati ana ndawasiyira chochita. Ndinati ahedi awagwirizira. "Usawasiye nthawi yaitali, aiwala," anatero. Tsiku lotsatira masana anapita.

Thupi litabwera kunyumba, akuluakulu a mpingo anandifunsa kumene tikaike. Ndinayankha mosakayika kuti malo alipo kale, pa esiteti, pambali pa bambo. Mmodzi wa iwo anayang'ana mnzake. Anangoti ndipite ndikadziwitse eni ake, adzukulu ayambe kukumba.

Ndinakwera minibasi mpaka pa Chitakale, kenaka kabaza. Ku ofesi ndinapeza bambo Chimenya akadalipo, imvi zili mbuu, ndipo pa desiki yanga panali mtsikana wina ndi kompyuta. Atamva za maliro anaimirira n'kundipatsa mpando wawo, chinthu chimene anali asanachitepo. Kenaka ndinawauza chimene ndabwerera.

"Mayi Feliya, manda aja ndi a anthu a pa ntchito ndi amene akukhala m'nyumba za kampani. Munthu akachoka, wachoka. Malo ndi ochepa, ndipo lamuloli ndinalipeza."

"Koma amayi anathyola tiyi pano moyo wawo wonse. Anabadwira pano. Malo awo alipo, anabzalapo chizindikiro."

"Ndikudziwa. Atatula dengu ankawerengedwa pa dzina lanu. Inu mutachoka..." Sanamalize. Anavula magalasi. "Ndinakuuzani kuti muwafunse bwinobwino. Ndinkayesa mukudziwa. Aliyense wa m'malayini amadziwa."

Ine sindinkadziwa. Ubwana wanga wa nzeru ndinathera kusukulu yogonera konko, ndipo nditabwerako ndinakhala kwa makalaliki, anthu amene onse anali ndi midzi yawo. Kalaliki akamwalira, kampani inkapereka galimoto yomutengera kwawo ku Zomba kapena ku Ntcheu. Funso la kumene munthu wochoka pa esiteti amakaikidwa linali lisanafikepo pa desiki yanga. Ndinachonderera. Bambo Chimenya anapita okha kwa akuluakulu awo, ndinawaona pawindo akuyenda m'chiperoni opanda ambulera. Anabwerako nsapato zija zili matope okhaokha, n'kupukusa mutu.

Nditatuluka ndinapeza a Namakhwa atakhala pa benchi ya pachipata, atatsamira ndodo. Anali atapuma kalekale, koma ankakhalabe m'malayini chifukwa mwana wawo ankagwira mu fakitale. Uthenga unali utawafika kale.

"Mwana wa Lusiyano, khala apa," anatero. "Wapita kukapempha chinthu chimene mwini wake anabweza kale."

"Mukutanthauza chiyani, ambuye?"

"Chaka chija unkafuna kupita kusukulu yako, mayi ako anabwera kwathu. Ati kudzaona mwendo wanga. Mwendo sanauyang'ane n'komwe. Anandifunsa kuti, kapitawo, mwanayu akasiya ntchito, ine pa Lusiyano paja ndidzagonapo? Ndinati mukudziwa kale yankho, make Feliya, mukufuna ndingolinena ine. Anakhala pamenepo, anamwa madzi. Kenaka anati, ndiye mundiperekeze kumanda, mkazi sapita yekha."

"Anapita kumanda?"

"Kutatsala tsiku limodzi kuti musamuke. Ndinatenga mmodzi wa adzukulu, tinapita atatu. Anakumba chitsamba chija ndi manja awo, ife anatikaniza. Akukumba ankalankhula ndi bambo ako m'Chilomwe. Anati, Lusiyano, usandidikire, ndikupita ndi mwana. Malowa apatse ena, koma asakhale mkazi." A Namakhwa anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi chipewa. "Ine ndinati, bwanji osamuuza mwanayo, mwina asintha maganizo? Anati, n'chifukwa chake sindimuuza. Ndipo inunso kapitawo mukamuuza, mwendo winawo ndidzauthyola ndine."

Sindikumbuka mmene ndinafikira ku Limbuli. Ndimakumbuka kuti nditalowa pakhomo, pakati pa azimayi oimba nyimbo za maliro, maso anga anagwera pa chitini chija pakhonde, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalira kulira kwenikweni.

Akuluakulu a mpingo anali atakapempha kale malo kwa eni mudzi, chifukwa iwo ankadziwa mmene ulendo wanga uthere. Anatipatsa kumapeto kwa manda, mbali imene amaika alendo: ogulitsa malonda ofera pa ulendo, anthu a kutsidya opanda abale. Anthu a ku Limbuli anatichitira zonse mwaulemu, sindingawanene. Koma amayi, amene anabadwira m'boma lomwe lino n'kukalambiramo, anaikidwa ngati mlendo, pakati pa anthu amene sanawadziwepo. Chifundo, iwe ukukumbuka kuti unanyamula chitini chija pamutu popita kumanda, ndipo unkandifunsa chifukwa chake. Ndinakuuza kuti agogo ankakonda maluwa.

Chaka chino

Ndinaphunzitsa m'masukulu anayi, ndipo yomaliza inali konkuno. Tsiku londitsanzika kunabwera anthu amene ndinawagwira dzanja polemba chilembo cha a koyamba, ena ndi anamwino, ena oyendetsa kabaza, wina anabwera ndi nkhuku. Pa msika sindimatha kuyenda osamva wina akukuwa kuti "Madamu!" Ntchito imene ndinasankha inandipatsa zonse zimene ndinkaifunira, ndipo mwina kuposa.

Koma ndimadzifunsabe. Akanandiuza, ndikanatani? Masiku ena ndimati ndikanakhala, ndikanatayipa makalata a feteleza mpaka amayi atagona pamalo pawo, kenaka n'kupita. Koma pofika nthawi imeneyo koleji sikanandilandiranso chifukwa cha msinkhu, ndipo amayi ankadziwa zimenezo. Masiku ena ndimaopa kuti ndikanapitabe, ndipo ndikanawasamutsa ndikudziwa chimene ndikuwalanda. Mwina n'chimenenso sanafune kuti ndisenze. Chimene chimandiwawa si uphunzitsi. Ndi lole ija. Munthu anakhala pambali panga ulendo wonse atafukata malo ake ogona pamiyendo, ine ndikumuseka za masamba osadyedwa, ndikuwerenga m'mutu zovala zoti ndikatenge ku koleji. Ndinaganizira nyumba, madzi, sukulu yanu, lendi. Ndinkadziona ngati munthu wokonzekera bwino. Sindinafunse kuti kodi iwo akusiya chiyani.

Inu nonse muli pa ntchito, ndipo Yamikani wandiuza kangapo kuti ku banki kwamutopetsa, akufuna kuyamba zake. Sindikuletsa, mwana wanga. Ntchito yosakusangalatsa imakudya pang'onopang'ono, ine ndinaziona. Koma usanapereke kalata, ukhale pansi ndi mkazi wako, ndipo akakuuza kuti pita, usathamangire kuthokoza. Uyang'ane chimene wanyamula m'manja.

Chitsamba chija chinakula pa manda a agogo anu, chinafika m'chiuno. Mwezi wathawu, mvula isanayambe, ndinadulako nthambi ziwiri. Imodzi ndinapita nayo ku esiteti pa tsiku lolambula. Mlonda wa pachipata anali mnyamata amene sankandidziwa, koma nditatchula nambala ya chitseko chathu chakale cha m'malayini anandilola kulowa ndi mabanja enawo. Mtanda wa bambo wachita dzimbiri, koma dzina likuwerengeka. Pambali pawo anaikapo munthu wina kalekale. Ndinawerama kuwerenga dzina lake, ndipo ndi mwamuna. Ndinaseka ndekha mpaka azimayi amene ankasesa pafupi anandiyang'ana. Nthambiyo ndinaibzala kumutu kwa bambo.

Yachiwiri ndinabwera nayo kuno. Ndinapita kwa akuluakulu a mpingo, iwo anakalankhula ndi eni mudzi, ndipo anandiperekeza. Ndinaibzala pambali pa amayi, kumapeto komwe kuja, mbali ya alendo. Mmodzi wa adzukulu anandiuza kuti popeza ndinamanga nyumba yanga kuno ndipo ndaphunzitsa ana a mudzi uno, malo anga angapezeke pakati, pamene pali mthunzi. Ndinathokoza, koma ndinati ayi.

Ndiye mwamva chifukwa chake sindibwera ku Blantyre. Mukadzamva kuti ndapita, musadzavutike ndi galimoto kapena kukangana za malo. Mudzangofunsa adzukulu pamene pali chitsamba chofiira chaching'ono pambali pa chachikulu. Chagwira kale, chatulutsa masamba atsopano. Loweruka lapitali ndinapempha mkulu wa mpingo kuti andiperekeze kukachithirira, ndipo mkazi wake atandifunsa kumene ndikupita ndi tsache, ndinamuuza kuti ndikukakonza kuchipinda kwanga.